Mutu Umodzi Susenza Denga: Mmene Kompyuta Imawerengera Chiganizo

Tawerengani ziganizo ziwiri izi, zomwe mungazimve tsiku lililonse pa msika wa pa Benga, m'mbali mwa msewu wa M5 wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota:

Mtengo wa usipa wakwera.
Mwana wakwera mtengo.

Mawu akuti "mtengo" ndi "wakwera" akupezeka m'ziganizo zonse ziwiri, ndipo kalembedwe kake n'kamodzi. Komabe palibe amene angasokonezeke. M'chiganizo choyamba mwaona ndalama, m'chachiwiri mwaona mwana ali pa nthambi ya mmango. Mwadziwa bwanji? Maso anu sanaime pa liwu limodzi. Mutafika pa "mtengo" munayang'ana mawu oyandikana nalo, ndipo "usipa" kapena "mwana" ndi amene anakuuzani tanthauzo.

Mapulogalamu omasulira ziyankhulo ndi oyankha mafunso, monga Google Translate ndi ChatGPT, nawonso amayenera kuthana ndi vuto lomweli. Njira imene amagwiritsa ntchito imatchedwa attention, ndiko kuti kutchera khutu. Attention ikachitika kangapo nthawi imodzi, mbali ndi mbali, imatchedwa multi-head attention, kutanthauza kutchera khutu kwa mitu yambiri. M'phunziro lino tiona mmene zimenezi zimachitikira. Tiona kuti wina aliyense amene anaphunzira agwirizanitsi a Chichewa kusekondale ali kale ndi chida chomvetsera nkhaniyi.

Kumene zinachokera

Makina omasulira akale ankawerenga chiganizo liwu ndi liwu, n'kumasunga zonse zimene awerenga mu mndandanda umodzi wa manambala. Chiganizo chikatalika, zoyambirira zinkazimiririka, monga zimachitikira mwana amene watumidwa kugolosale zinthu khumi popanda kapepala. Mu 2014, Dzmitry Bahdanau, Kyunghyun Cho ndi Yoshua Bengio anasonyeza njira yoti makina, pomasulira liwu lililonse, azibwerera kukayang'ana chiganizo chonse n'kusankha mawu ofunika panthawiyo.

Mu 2017, akatswiri 8 a ku Google, pakati pawo Ashish Vaswani, Noam Shazeer ndi Niki Parmar, analemba pepala lotchedwa Attention Is All You Need. Iwo anasiya kuwerenga liwu limodzilimodzi, n'kumanga makina amene maziko ake ndi attention. Anawatcha Transformer. Chilembo T chimene chili kumapeto kwa dzina loti ChatGPT chikuimira liwu limeneli.

Mawu amasanduka manambala

Kompyuta sidziwa usipa, sidziwanso mtengo. Imadziwa manambala basi. Choncho chiganizo chimayamba chadulidwa m'tizidutswa totchedwa token. Token ikhoza kukhala liwu lathunthu kapena kachidutswa ka liwu. Kuti tisavutike, m'phunziro lino titenga token iliyonse ngati liwu limodzi.

Liwu lililonse limapatsidwa mndandanda wa manambala. Mu Transformer yoyamba, mndandanda umodzi unali ndi manambala 512. Poyamba, "mtengo" wa ndalama ndi "mtengo" wa m'munda amakhala ndi mndandanda womwewo, chifukwa kalembedwe ndi kamodzi. Ntchito ya attention ndi kusintha mndandanda umenewu pouthira zochokera kwa mawu anzake, kuti potuluka "mtengo" woyamba ukhale wosiyana ndi wachiwiri.

Query, key ndi value

Kuchokera pa mndandanda wa liwu lililonse, makina amapanga timindandanda titatu tatsopano. Amachita izi pochulukitsa mndandandawo ndi matebulo atatu a manambala, amene mu masamu timati matrix. Kamndandanda koyamba ndi query: chimene liwulo likufuna kwa anzake. Kachiwiri ndi key: chizindikiro chimene liwulo likuonetsa kwa anzake. Kachitatu ndi value: katundu amene liwulo lipereke kwa amene walisankha.

Taganizirani mayi wogula nsomba amene wafika padoko m'mamawa ndi K10,000. Chimene akufuna ndiye query. Zimene wogulitsa aliyense akuitanira ndiye key. Zimene zili m'beseni ndiye value. Kusiyana kwake n'kwakuti mu attention wogula sagula kwa munthu mmodzi. Amagawa ndalama yonse kwa ogulitsa onse, yambiri kwa amene akuitanira zofanana ndi zofuna zake, yochepa kwa ena. Ndiponso liwu lililonse ndi wogula komanso wogulitsa nthawi imodzi.

Tiwerengere limodzi

Titenge chiganizo ichi: "Asodzi anagulitsa usipa pa Benga chifukwa unali wambiri." Kodi "unali" akunena za chiyani? Inu mwaona kale kuti mgwirizanitsi u- akuloza usipa. Akanakhala asodzi tikanati "anali". Tsopano tione mmene makina angafikire pa yankho lomweli. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, awiriawiri, kuti tithe kuwerengera pamanja, ndipo tingotenga mawu atatu.

Query ya "unali" ndi (1, 2).
Key ya "usipa" ndi (1, 1).
Key ya "asodzi" ndi (1, 0).
Key ya "Benga" ndi (2, -1).

Choyamba, tiyeze kugwirizana kwa query ndi key iliyonse. Timachulukitsa nambala yoyamba ndi yoyamba inzake, yachiwiri ndi yachiwiri inzake, kenako n'kuwonkhetsa. Njira imeneyi ndi dot product.

Usipa: 1×1 + 2×1 = 3.
Asodzi: 1×1 + 2×0 = 1.
Benga: 1×2 + 2×(-1) = 0.

Chachiwiri, malikisi amenewa tiwasandutse magawo amene akawonkhetsedwa akwana 1. Njira yake imatchedwa softmax. Timatenga nambala yotchedwa e, yomwe ndi pafupifupi 2.718, n'kuikweza ku mphamvu ya malikisi aliwonse, monga tinkachitira ndi ma indices kusekondale. Mphamvu ya 3 ikutipatsa 20.09, ya 1 ikutipatsa 2.72, ya 0 ikutipatsa 1. Zonse pamodzi ndi 23.81. Tikagawa iliyonse ndi 23.81 tipeza 0.844 kwa usipa, 0.114 kwa asodzi, ndi 0.042 kwa Benga. Pa K10,000 ya mayi uja, K8,440 yapita kwa usipa, K1,140 kwa asodzi, K420 kwa Benga.

Chachitatu, titenge katundu. Tinene kuti value ya "usipa" ndi (10, 0), ya "asodzi" ndi (0, 10), ya "Benga" ndi (5, 5). Value iliyonse tiichulukitse ndi gawo lake, kenako tiwonkhetse. Nambala yoyamba: 8.44 + 0 + 0.21 = 8.65. Yachiwiri: 0 + 1.14 + 0.21 = 1.35. Zotsatira ndi (8.65, 1.35), zomwe zili pafupi kwambiri ndi value ya usipa. Zimenezi zikathiridwa pa mndandanda wa "unali", liwulo limapitirira ulendo litanyamula fungo la usipa.

M'makina enieni muli kanthu kena kamodzi pakati pa ntchito yoyamba ndi yachiwiri. Mindandanda ikakhala yaitali, malikisi amakula kwambiri, ndipo softmax imapereka pafupifupi zonse kwa liwu limodzi, zomwe zimalepheretsa makina kuphunzira bwino. Choncho malikisi amayamba agawidwa ndi square root ya kutalika kwa key. Key ikakhala ya manambala 64, amagawa ndi 8.

Zonse zimene tachitazi, kuyambira pa query kufika pa zotsatira, ndi ntchito ya head imodzi, ndiko kuti mutu umodzi.

Chifukwa chiyani mitu yambiri?

Apa ndi pamene Chichewa chimatithandiza kuposa Chingerezi. Tayang'anani chiganizo ichi: "Amayi anaziwamba nsomba dzulo." Mneni "anaziwamba" akuyang'ana mbali zitatu nthawi imodzi. A- akuloza mwininkhani, amayi. Mphatikiri -zi- akuloza pamtherankhani, nsomba. Mphatikiri -na- akugwirizana ndi nthawi, dzulo. Mukhoza kusuntha mawu n'kunena kuti "Nsomba dzulo amayi anaziwamba", ndipo wowamba ndi chowambidwa sizisintha. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo analemba za khalidwe limeneli la Chichewa mu 1987, ndipo ntchito yawo imawerengedwa m'mayunivesite ambiri kunja kwa Malawi.

Tsopano taganizirani mutu umodzi ukuyesa kusenza zonsezi. Uli ndi query imodzi pa liwu lililonse, ndipo K10,000 yake ndi imodzi. Ukapereka yambiri kwa "amayi", "nsomba" itsala. Ukagawa mofanana kwa mawu atatu onse, chotuluka ndi phala losakaniza, losadziwika kuti wowamba ndani, chowambidwa n'chiti. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Yankho la akatswiri a mu 2017 linali kukhala ndi mitu 8 yogwira ntchito pamodzi. Mutu uliwonse uli ndi matebulo akeake atatu opangira query, key ndi value. Choncho mneni yemweyo akhoza kufunsa mafunso 8 osiyana: mutu wina kufunafuna mwininkhani, wina pamtherankhani, wina nthawi, wina liwu loyandikana nalo.

Mwina mukuganiza kuti mitu 8 ndiye kuti ntchito yachuluka kasanu n'katatu. Ayi. Mutu uliwonse umagwira timindandanda ta manambala 64 m'malo mwa 512, ndipo 8×64 = 512. Mitu yonse ikamaliza, zotsatira zake zimalumikizidwa mondondozana kukhala mndandanda umodzi wa manambala 512. Kenako mndandandawo umachulukitsidwa ndi tebulo lachinayi, limene limasakaniza zimene mitu yonse yapeza. Matebulo a query a mitu yonse 8 akaikidwa pamodzi amapanga tebulo la manambala 512×512, ndiwo 262,144. Chimodzimodzi a key, a value, ndi lachinayi lija. Onse pamodzi ndi manambala 1,048,576 m'chigawo chimodzi chokha cha attention.

Amene anaonapo usodzi wa chilimira usiku azindikira dongosololi. Siginala ali pa bwato lake ndi nyali, maso ali pa usipa. Ena maso ali pa ukonde ndi zingwe. Wina khutu lili ku mphepo, kuopa mwera. Nyanja ndi imodzi, usiku ndi umodzi, koma aliyense akuona zake, ndipo nsomba zimalowa m'boti pamene zoona zawo zakumana.

Amaigawira ntchito ndani?

Fanizo la asodzi limathera pomwepa. Panyanja aliyense amadziwa ntchito yake asananyamuke. M'makina palibe munthu amene amauza mutu wachitatu kuti "iwe uzisaka pamtherankhani". Manambala onse a m'matebulo amayamba achisawawa. Makina amapatsidwa ziganizo zambirimbiri n'kumayesa kulosera liwu lotsatira kapena kumasulira. Akalakwa, manambala onse amasunthidwa pang'ono kuti kulakwako kuchepe. Izi zikabwerezedwa kambirimbiri, mitu imayamba yokha kusiyana zochita.

Mu 2019, Kevin Clark ndi anzake anafufuza mkati mwa makina a Google otchedwa BERT, amene mtundu wake wocheperapo uli ndi mitu 144. Anapeza mitu ina imene imalumikiza pamtherankhani ndi mneni wake, ina yoyang'ana liwu lotsatira, ina yolumikiza mlowam'malo ndi dzina limene akuimira. Palibe amene anaiphunzitsa galamala. M'chaka chomwecho, Elena Voita ndi anzake anachotsa mitu 38 mwa 48 m'mbali yowerenga ya makina omasulira Chingerezi kupita ku Chirasha, ndipo kumasulira kunangotsika pang'ono zedi. Zikutanthauza kuti mitu yochepa ndi imene imasenza katundu wolemera, ndipo si mutu uliwonse umene uli ndi ntchito yoti tingaitchule dzina.

Malo a liwu ndi nsanjika

Pali zinthu zina zitatu zoti tidziwe. Choyamba, attention payokha siona dongosolo la mawu. Kwa iyo "Galu waluma mwana" ndi "Mwana waluma galu" ndi thumba limodzi la mawu atatu, ndipo apa agwirizanitsi sangathandize chifukwa galu ndi mwana amatenga mgwirizanitsi wofanana. N'chifukwa chake mndandanda wa liwu lililonse umawonjezeredwa manambala osonyeza malo ake m'chiganizo. Mu 2017 anagwiritsa ntchito sine ndi cosine, omwe aja a mu trigonometry.

Chachiwiri, attention sichitika kamodzi. Zotsatira zake zimadutsa m'kachigawo kena kowerengera, kenako zimalowanso mu attention ina. Gawo lililonse lotere limatchedwa layer, ndipo magawowa amasanjikizana ngati nyumba ya nsanjika. Transformer yoyamba inali ndi nsanjika 6 kumbali yowerenga chiganizo ndi 6 kumbali yolemba chomasuliridwa. GPT-3, yomwe kampani ya OpenAI inalengeza mu 2020, inali ndi nsanjika 96, iliyonse ya mitu 96.

Chachitatu, makina akamalemba, liwu lililonse limaloledwa kuyang'ana am'mbuyo okha. Am'tsogolo amaphimbidwa, monga mphunzitsi amaphimbira mayankho pa bolodi. Pomasulira palinso attention yowoloka: query imachokera ku chiyankhulo cholembedwa, key ndi value zimachokera ku chiganizo choyambirira.

Nanga Chichewa chili pati?

Google Translate inawonjezera Chichewa mu December 2014, ndipo mu 2020 Google inalengeza kuti mbali yowerenga chiganizo ya makina ake omasulira tsopano ndi Transformer. Mu 2022 kampani ya Meta inatulutsa makina otchedwa NLLB-200 omasulira ziyankhulo 200, kuphatikizapo chathuchi pansi pa dzina la Nyanja. Kuno kwathu, mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a alimi m'Chichewa potsamira pa buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe. Choncho mitu imene takambayi yafika kale m'manja mwa mlimi wa mpunga ndi chinangwa.

Koma kumbukirani kuti mitu imaphunzira pa zimene yawerenga. Transformer yoyamba inaphunzitsidwa pa ziganizo pafupifupi 4.5 miliyoni za Chingerezi zokhala ndi zinzake za Chijeremani, ndi 36 miliyoni za Chingerezi ndi Chifalansa. Zolembedwa za Chichewa pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi ziyankhulo zimenezi. Mutu umene sunakumane kokwanira ndi magulu athu a mayina ukhoza kulemba "usipa anali wambiri" popanda kuchita manyazi.

Kadulidwe ka mawu nakonso kamativuta. Liwu ngati "sindinakawauze" ndi chiganizo chathunthu: si-ndi-na-ka-wa-uz-e. Chida chodula mawu chimene chinazolowera Chingerezi chikhoza kulidula pamalo olakwika ndiponso m'tizidutswa tambiri. Tizidutswa tikachuluka ntchito imakula msanga, chifukwa kachidutswa kalikonse kamayang'ana tinzake tonse: tizidutswa 10 timafuna malikisi 100, pamene 1,000 timafuna 1,000,000, pa mutu uliwonse.

Palinso nthawi imene chiganizo chilibe yankho. "Iye ndi namwino" sichinena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, koma Chingerezi chimafuna he kapena she. Softmax sidziwa kubweza ndalama. Imagawa K10,000 yonse ngakhale padoko palibe nsomba imene wogula amafuna. Makina amangotsata zimene zinkachuluka m'zolembedwa zimene anawerenga, n'kuyankha ndi mawu osalala ngati akudziwa.

Kwa ife aphunzitsi a mawa

Ambiri mwa ife tikatsiriza maphunziro tidzaima kutsogolo kwa ana amene kunyumba amayankhula Chichewa, Chiyawo kapena Chitonga, koma mayeso ambiri a MSCE amalemba m'Chingerezi. Foni ikapezeka m'nyumba, mwana wotere adzafunsa makina kuti amumasulire notsi za sayansi kapena amulembere chimangirizo. Tikawaletsa osafotokoza, adzachitabe mobisa. Tikawasiya osawaphunzitsa, adzaloweza zolakwika n'kupita nazo m'chipinda cha mayeso.

Mphunzitsi amene wamvetsa attention amadziwa pofufuza. Aone agwirizanitsi: kodi mneni akugwirizana ndi dzina loyenera? Aone mawu a matanthauzo awiri monga mtengo, mwezi ndi kamba. Aone alowam'malo, makamaka dzina lawo likakhala kutali. Aonenso mayina a nsomba, mbewu ndi malo, amene makina sanawawerenge kawirikawiri. Ntchito imeneyi ikhoza kukhala phunziro lokoma la galamala: ophunzira amasulitse ndime pa foni, kenako m'magulu asake pamene makina anatchera khutu ku liwu lolakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiponso tizilemba Chichewa chabwino n'kuchiika poyera: notsi, nkhani, zofotokoza za usodzi ndi ulimi wa kwathu. Gulu la akatswiri a mu Africa lotchedwa Masakhane lakhala likusonkhanitsa ndi kukonza zolembedwa za ziyankhulo za mu Africa kuyambira mu 2019. Mitu ya makina idzadziwa kuti u- wa "unali" ndi wa usipa pokhapokha ife eni ake titalemba ziganizo zokwanira zoti iphunzirepo.

Mafunso oti mukambirane

1. Sinthani query ya "unali" ikhale (0, 1). Pezani malikisi atatu ndi magawo ake a softmax. Kodi ndi liwu liti lapeza gawo lalikulu, ndipo lapeza zingati pa K10,000?

2. Makina ena ali ndi mindandanda ya manambala 768 ndi mitu 12. Kodi mutu uliwonse umagwira manambala angati? Nanga malikisi agawidwe ndi nambala yanji?

3. Mu chiganizo chakuti "Ana anauthyola mpunga wa agogo usanache", tchulani mawu amene "anauthyola" ndi "usanache" ayenera kuyang'ana. Pangafunike mitu ingati?

4. Lembani ziganizo ziwiri zokhala ndi liwu loti "kamba" m'matanthauzo osiyana. Zimasulitseni pa foni, ndipo mufotokozere mnzanu liwu limene linathandiza kapena kusokoneza makinawo.